Kope la chipepeso

Usiku umene tinagona pasiwa pa agogo athu ku Chiradzulu, mlongo wanga anasowa. Amayi amvano anali pa nyimbo yachitatu kapena yachinayi, m'nyumba mutadzaza thothotho, utsi wa moto wa azibambo ukulowera pawindo, ndipo lole inali itangotsitsa abale ochokera ku Lilongwe amene anayamba kulira adakali kumsewu. Amalume anandikodola. "Kodi mwana uja ali kuti? Anthu akufunsa."

Mwana ujayo anali ndi zaka 22.

Ndinakamupeza kuseri kwa khola la mbuzi atakhala pa njerwa, zikhatho zili kumakutu, akudzigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, pakamwa akutchula manambala a minibasi za ku Ndirande imodziimodzi ngati akupemphera korona. Agogowo ndi amene anamulera mpaka atayamba sukulu, ndipo anali munthu yekhayo amene ankaloledwa kumugwira m'mutu. Koma msozi sunagwe. M'mawa mwake, pa nthawi yoona nkhope, anakana kulowa m'nyumba. Amalume, monga mwini mbumba, sanadikire n'komwe kuti anthu abalalike. Anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti, "Achemwali, ana anuwa simunawalere, munangowadyetsa."

Anati "ana" chifukwa nanenso ndinali ndi mlandu wanga. Ndinalonjeza kufika m'mawa, ndinafika kutada. Envulopu ya chipepeso chimene anzanga akuntchito anasonkha ndinaisiya m'dirowa ku ofesi, ndipo ndinaikumbukira minibasi itafika kale pa Njuli. Ndinali ndi zaka 26, digiri ndili nayo, koma pamaso pa amalume tonse awiri tinali makanda.

Mawu aja anabaya chifukwa kwathu kuno munthu sakula ndi zaka. Chiphaso chaunzika ungatenge uli ndi zaka 16, ungavote uli ndi 18, koma akuluakulu ali ndi miyeso yawo. Kodi amadziwa kupereka moni? Amakazonda odwala? Amagona pamaliro? Akabwereka amabweza pa tsiku lake? Ungamutume kwa ankhoswe n'kubwerako osachititsa manyazi mtundu? Pa miyeso imeneyi ine ndi mlongo wanga tinkagwa, wina chagada wina chafufumimba. Papita zaka zitatu tsopano, ndipo lero tikudziwa kuti iye ali ndi autism, kabadwidwe ka ubongo kamene kamakhudza mmene munthu amamvanirana ndi ena komanso mmene amamvera phokoso ndi kukhudzidwa, ndipo ine ndili ndi ADHD, vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kuchita zinthu pa nthawi yake.

Ali mwana, alendo ankamutamanda. Sankayang'ana munthu m'maso, ndipo kwathu kumeneko ndiye ulemu. Mwana wolunjika wamkulu m'maso timati ngwachipongwe. "Koma uyu ndiye woleredwa bwino," ankatero azimayi akutchalitchi. Chimene m'maiko ena chimadzidzimutsa makolo mwana adakali wamng'ono, kuno chinamubisa kwa zaka zambiri. Moni wathunso unamuthandiza, pakuti uli ndi kanjira kake kosasintha: muli bwanji, ndili bwino kaya inu, ndili bwino, zikomo. Anauloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Mavuto ankayamba moni ukatha, pamene munthu umayenera kupeka wekha chonena.

Anachedwa kulankhula, mpaka zaka zinayi. Nsima ankadyera nyemba basi. Therere likangomukhudza chala ankasiya mbale yonse. Wailesi ya abambo anaimasula ali Sitandade 4 n'kuibwezera ikulira bwino kuposa kale. Ndiye popeza abambo anali ndi chigayo chimene chinkayenda bwino, anthu sanavutike kupeza chifukwa. Mawu oti "anamukhwimira" ndinawamva koyamba pamjigo ndili ndi zaka 10, ndowa ili pamutu, kwa azimayi amene ankaganiza kuti ndapita kale. Amayi anayenda naye m'mapemphero osawerengeka, ndipo kamodzi, mobisa, kwa sing'anga. Sindiwaimba mlandu. Iwonso ankangofuna woti awauze kuti mwana wawo watani.

Ine ndinali mwana "wanzeru koma". Lipoti lililonse la sukulu linali ndi koma wake: koma sasamala, koma samaliza ntchito, koma amalota masana. Sindinkadumpha pamadesiki ngati anyamata amene anthu amawaganizira akamva za ADHD. Ndinkakhala phee, thupi lili m'kalasi mutu uli ku Mwanza, ndipo atsikana ambiri amaphonyedwa motero chifukwa savutitsa aphunzitsi. Mayeso ndinkakhoza powerenga usiku umodzi, mantha akundikankha kumsana. Agogo ankandiuza za Zengerezu amene adalinda kwawukwawu kawirikawiri moti ndinkaona ngati ndi dzina langa lachiwiri.

Titabwerako kumaliro, mlongo wanga anakhala milungu itatu osatuluka m'chipinda, ndipo ntchito imene anali atangoipeza m'sitolo ina ku Limbe inathera pomwepo. Amayi ndi amene anati tipite kuchipatala, koma ananena monong'ona, poopa kuti aneba amva zoti mwana wawo wapita ku mental.

Dokotala wa za maganizo amene tinamupeza patapita miyezi ingapo anafuna mbiri yonse ya ubwana wake, ndipo popeza ndine wapakamwa m'banjamo, wofotokoza ndinali ine. Ulendo woyamba tinachedwa chifukwa cha ine. Wachiwiri ndinaiwala buku lake la kuchipatala. Pofotokoza ndinkayambira pa chigayo n'kukathera pa mbuzi za agogo. Ulendo wachitatu dokotala anatseka faelo ya mlongo wanga n'kundifunsa kuti, "Nanga inuyo, mayi, zimenezi munayamba liti?" Ndinaseka, iye sanaseke. Anandituma kukafunafuna malipoti anga a ku pulayimale, chifukwa ADHD siyamba munthu atakula; zizindikiro zimayenera kukhala kuti zinalipo asanakwanitse zaka 12. Amayi anali atawasunga onse m'sutikesi ya pansi pa bedi, makoma onse aja ali momwemo.

Zinthu ziwirizi zimayenda m'magazi, ndipo kawirikawiri zimakumana m'nyumba imodzi, ngakhale mwa munthu mmodzi. Mpaka 2013, buku limene madokotala a za maganizo a ku America amatsatira, lotchedwa DSM, silinkalola kulemba zonse ziwiri pa munthu mmodzi. Kope lake lachisanu, la chaka chimenecho, ndi limene linatsegula chitseko chimenecho. Lomwelo linachotsanso dzina la Asperger, limene linkaperekedwa kwa ena mwa anthu a autism, n'kuika onse pansi pa autism, n'chifukwa chake munthu amene salankhula n'komwe ndi munthu ngati mlongo wanga, amene angakukambireni za mabatire a mafoni mpaka dzuwa kulowa, ali ndi dzina limodzi. Amayi atamva zoyenda m'magazizi anakhala duu, kenako anati, "Malemu bambo anu ankazindikira chigayo chilichonse m'bomali pongomva kulira kwake, koma sindinawaonepo akucheza ndi munthu mphindi khumi."

Dzina tinalipeza. Nanga kenako? Chithandizo cha za maganizo m'dziko muno chinakonzedwa poganizira odwalika: chipatala cha ku Zomba chimene chilipo kuyambira nthawi ya atsamunda, gawo la ku Bwaila ku Lilongwe, a St John of God ku Mzuzu, kiliniki ya ku Queen Elizabeth kuno ku Blantyre. Lamulo limene linayendetsa zonsezi kwa zaka zambirimbiri linali la 1948. Ogwira ntchitoyi ndi ochepa, ndipo pamzere pawo pamakhala anthu amene akumva mawu m'mutu, amene ayesa kudzipha, amene chamba chawazunguza. Ukafika iwe ndi dandaulo loti umaiwala kulipira madzi, kapena loti phokoso la mumsika limakupweteka ngati singano, umadzichitira wekha manyazi. Za autism zikakambidwa, monga pa 2 April paja, tsiku lokumbukira autism padziko lonse, zithunzi zimakhala za ana ang'onoang'ono, ngati kuti anawo akafika zaka 18 amasanduka utsi. Sasanduka. Amafuna ntchito, amafuna banja, amayenera kukwera minibasi.

Mlangizi woyamba amene tinamulipira anali munthu wa mtima wabwino amene sankaidziwa autism. Anapatsa mlongo wanga ntchito yoti tsiku lililonse aziyang'ana anthu atatu m'maso, alowe kwaya ya achinyamata, ndipo asiye kudzigwedeza poti "anthu aziti chiyani". Mlongo wanga lamulo amalitsatira ngati latsika kuphiri la Sinai. Anachita zonse kwa milungu iwiri, ndipo Lamlungu lina anadzimenyetsa mutu kukhoma mpaka chipumi kutupa. Ine anandiuza kuti ndigule dayale. Madayale ndili nawo asanu ndi awiri, ndipo palibe imene inalembedwa kupitirira sabata yachiwiri ya January.

Wachiwiri ndinamumva kwa mnzanga. Ndi mayi wa zaka za m'ma 40, katswiri wa za maganizo, amene amaonana ndi anthu m'kachipinda ka mipando iwiri, nthawi zina pa WhatsApp ngati bandulo ilipo. Ndalama ya ulendo umodzi ndi yoti ungagulire ndiwo za sabata yathunthu, choncho tinkasinthana: sabata ino iye, sabata ya mawa ine. Ndikudziwa bwino kuti anthu ambiri sangakwanitse ngakhale zimenezo, ndipo ndikamalemba izi sindikuiwala.

Mayiwa sanafunse mlongo wanga chifukwa chimene anathawira maliro. Anati, "Achimwene, usiku uja chinayamba kukupwetekani n'chiyani?" Iye anayankha msangamsanga ngati kuti funsoli wakhala akulidikira moyo wake wonse. Choyamba utsi. Kenako nyimbo ziwiri nthawi imodzi, azimayi m'nyumba ndi azibambo panja, zosagwirizana. Kenako manja a anthu omugwira paphewa osamuchenjeza. Za chisoni, anati chinabwera patapita masiku 9, ali yekha, ataona kapu ya agogo imene amayi anabwera nayo. Ndinali nditakhala naye nyumba imodzi zaka zonsezo koma sindinkadziwa kuti analira.

Awiriwa anapeza chinenero chawo, cha mayuniti. Tsiku lililonse mlongo wanga amadzuka mita ili ndi mayuniti akutiakuti. Minibasi ya nyimbo zokweza imadya ambiri. Kasitomala wokalipa amadya ambiri. Kumwetulira pomwe sakufuna, kukakamiza maso kuti ayang'ane maso a munthu, kuletsa manja kuti asagwedezeke, zimenezi zimadya ngati wayatsa ayironi ndi mbaula yamagetsi nthawi imodzi. Anthu ambiri a autism amene timati "akuoneka bwinobwino" amakhala atavala nkhope ina tsiku lonse, ndipo mtengo wake amakalipira madzulo ali okha. Mayuniti akatha magetsi amazima, ndipo mita siipempha kaye chilolezo. Chimene chinachitika kuseri kwa khola chija n'chimenecho, sunali mwano. Koma palinso zobwezera mayuniti: kukhala yekha ndi foni yowonongeka, mahedifoni ali kumutu, ngakhale kudzigwedeza kumene mlangizi woyamba uja ankaletsa.

Ndiye uphungu wake unali wa kuwerengera. Panopa amakonza mafoni pa kashopu kena, ndipo amakwera minibasi isanakwane 6 koloko, anthu asanachuluke, n'kukhala pawindo. Loweruka akapita ku ukwati, Lamlungu salonjeza munthu chilichonse. Ndikalowa m'nyumba madzulo sindimufunsanso kuti waswera bwanji, ndimati, "Atsala angati?" Akati awiri, nkhani zanga ndimasungira mawa.

Gawo limene linatiseketsa kwambiri, komanso kundichititsa manyazi, linali la mawu. Sindinkadziwa kuti Chichewa chathu chimazungulira chonchi mpaka nditachiona ndi maso ake. Munthu amati "ndikubwera" pomwe akuchoka. Mlongo wanga anadikirapo mnzake maola awiri pa siteji chifukwa cha mawu amenewo. "Tiganizira" ndiye kuti ayi. "Tionana" alibe tsiku. Ukapeza anthu akudya n'kukuuza kuti "tiyeni kuno", umayenera kuthokoza n'kukana, koma iye ankasamba m'manja n'kukhala pansi, ngakhale pa mbale ya munthu wosamudziwa. Abwana ake akati "taionani pang'ono foni iyo", sankadziwa ngati akutanthauza kuiyang'ana kapena kuikonza. Iye ndi mayi aja anatsegula kope la mawu osatanthauza zimene akunena, ndipo ladutsa kale masamba khumi. Koma mayiwo sanalekere pamenepo. Anamuthandiza kulemba uthenga waulemu wopempha abwanawo kuti ntchito azimulembera pafoni, foni iti, vuto lanji, ifunika liti. Abwanawo anavomera, ndipo akuti ngakhale anyamata ena pashopupo zinthu zayamba kuwayendera.

Damian Milton, mphunzitsi wa ku yunivesite ku Britain amenenso ali ndi autism, analemba mu 2012 kuti kusamvana kwa pakati pa anthu a autism ndi ena kuli mbali zonse ziwiri. Iwo amavutika kutimvetsa, nafenso timavutika kuwamvetsa, kungoti popeza ndife ambiri timagamula kuti osamva ndi iwo. Kwa ine, apa ndi pamene pamasiyanira uphungu wothandiza ndi wongotopetsa. Woyamba uja ankafuna kuti mlongo wanga ayende yekha mtunda wonse kubwera kumene tili. Wachiwiriyu anatidzutsa nafenso pamipando.

Uphungu wanga unali wa mtundu wina. Mayi aja amagwiritsa ntchito njira yotchedwa CBT, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, imene Aaron Beck anaiyambitsa ku Philadelphia ku America m'zaka za m'ma 1960 pothandiza anthu okhumudwa kwambiri, ndipo pambuyo pake ena anaikonza kuti izithandizanso akuluakulu a ADHD. Anandiuza mfundo imene katswiri wina wa ku America, Russell Barkley, amaibwereza: vuto la ADHD silili pa kudziwa choyenera kuchita, lili pa kuchita chimene ukudziwacho pa nthawi yake. Zoonadi. Palibe anayenera kundiphunzitsa kuti lendi imalipidwa pa 1. Kungoti kwa ine Lachisanu limakhala kutali ngati Chitipa mpaka Lachinayi usiku, pamene limatulukira pakhomo mwadzidzidzi ngati mlendo wosaitanidwa. Malangizo a pakamwa, ngakhale okoma bwanji, amatsala m'kachipinda momwemo. Chothandiza chimayenera kukhala pamalo pamene ndimagwera.

Makiyi ali ndi msomali wake pachitseko, ndipo chikwama chimapachikidwa pomwepo. Malipiro akangolowa, ola lomwelo ndimatumiza lendi ndi kugula mayuniti enieni a magetsi, ndisanaone nsapato iliyonse pa Facebook. Ndinalowa banki m'khonde, osati chifukwa cha chiwongoladzanja, koma chifukwa azimayi a gulu lathu ukaphonya amakupeza pakhomo, ndipo nkhope zawo zimandigwira kuposa alamu. Malipoti a kuntchito ndimalemba mnzanga atakhala pambali akuchita zake, osandithandiza, kungokhalapo basi. Nditauza amayi zimenezi ngati nzeru yatsopano, anandiyang'ana n'kuti, "Nanga agogo ako unawaonapo akusinja okha?"

Ndimamwanso mankhwala a methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Ritalin. Ndi mankhwala otetezedwa ndi malamulo okhwima, ofunika kalata ya dokotala, ndipo kwa ine pena amapezeka pena ndimayenda mafamase atatu osawapeza. Tsiku loyamba kuwamwa ndinamva ngati wina wazimitsa mawailesi anayi n'kusiya imodzi. Amachepetsa chilakolako cha chakudya, ndipo ndikawamwa mochedwa tulo timathawa. Sanandiphunzitse kalikonse; anangondipatsa mpata woti zimene ndikuphunzira zikhazikike. Autism ilibe mankhwala otero, ndipo aliyense wokugulitsani botolo loti limachiza autism akufuna ndalama zanu.

Zimenezo zinali zophweka. Chovuta chinali mawu amene ndinkadziuza. Tsiku lina ndinalowa m'kachipinda kaja nditatsimikiza kuti ndi komaliza. Ndinali nditaphonya intavyu ya ntchito imene ndinkailakalaka, chifukwa ndinapita Lachitatu m'malo mwa Lachiwiri, nditavala bwino, mafaelo ali m'manja, mlonda n'kundiuza pageti kuti zinatha dzulo. Ndinauza mayi aja kuti asataye nthawi yawo, ndine chitsiru basi, amalume ananena zoona. Sananditsutse ndipo sanandisisite. Anandipatsa pepala n'kuti, "Lembani zimene zinachitika ngati wapolisi wolemba sitetimenti. Mawu otukwana musaikemo, khoti silingawalandire." Ndinalemba: uthenga unafika ndili m'minibasi, ndinauwerenga, ndinati ndiulemba ndikafika, nditafika magetsi anali atazima, ndinayamba kufunafuna kandulo. Sitetimenti yonse inali mizere inayi. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa chitsiru chija sichinkaonekamo. Munali munthu amene anawerenga tsiku ali pamalo poti sangalilembe. Kuyambira pamenepo, uthenga uliwonse wokhala ndi tsiku ndimauika pa kalendala ya pafoni ndisanauyankhe, ngakhale kondakitala akundikuwira kuti ndipereke ndalama. Kenako anandifunsa kuti mawu oti chitsiru ndimawamva m'liwu la ndani. Ndinatchula anthu asanu ndi mmodzi, ndipo atatu mwa iwo ndimawakonda kwambiri. Pamenepo ndiye ndinalira.

Patapita miyezi ingapo mayi aja anapempha kuti amayi ndi amalume abwere. Amalume anafika atavala jekete, nkhope ili ya munthu woitanidwa kubwalo la amfumu. Mayiwo anawalandira mwaulemu wonse. "Malume, inu ndinu mwini mbumba, sitingakonze za ana awa inu musakudziwa." Sanatchule DSM kapena dzina la mzungu aliyense. Anangowafunsa kuti pamaliro pamakhala ntchito zingati. Amalume, amene nkhani imeneyi ndi munda wawo, anayamba kuwerenga ndi zala: adzukulu okumba manda, otema nkhuni, otunga madzi, ophika, okatenga bokosi, olandira alendo, wolemba chipepeso, oimba.

"Ndiye onsewa amagona m'nyumba ya siwa akuimba?"

"Ayi, n'zosatheka."

"Nanga achimwenewa tingawaike pati?"

Amalume anakhala chete. Sindinganame kuti anatembenuka mtima tsiku limenelo. Potuluka anandiuza kuti izi n'zachizungu, ndipo kale ana oterewa chinamwali chinkawawongola. Koma funso lija anapita nalo kumudzi.

Ndakhala ndikuganiza za Donald Triplett, mwana woyamba mwa ana 11 amene dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore ku America anawafotokoza mu 1943, pamene autism inayamba kudziwika monga tikuidziwira lero. Anakhala moyo wake m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi, ankagwira ntchito kubanki, ankayendetsa galimoto, ankasewera gofu, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Kwawo kunali ndalama, zimenezo tisabise. Koma chinanso n'chakuti anthu a m'tauniyo anamudziwa mmene alili n'kumusiyira malo. Ndimaganizanso za Zimbabwe, kumene dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare cha m'ma 2006, kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Ntchito yawo ndi ya nkhawa ndi kukhumudwa, si ya autism, koma inaonetsa kuti womvetsera sachita kufunika digiri ya udokotala. Ife alangizi tili nawo kale: anankungwi, ankhoswe, amayi amvano, atsogoleri a limana. Sindikuwakometsera, pakuti mudzi womwewo ndi umene unati mlongo wanga anamukhwimira. Koma akatswiri sadzakwana msanga, ndipo anthu amene amagamula ngati wachinyamata wakula kapena ayi ndi amenewa. Ola limodzi limene amalume anakhala m'kachipinda kaja linasintha zambiri kuposa miyezi itatu imene tinkapitako tokha.

Zina sizinakonzeke. Mlongo wanga akufuna kukwatira. Mtsikana wina wa kutchalitchi atamusekerera kawiri, anamuuza malipiro ake onse, ndalama zimene wasunga, ndi chaka chimene akufuna mwana woyamba. Mtsikanayo anasintha benchi. Anabwera kunyumba osamvetsa kuti walakwa pati poti zonse zinali zoona, ndipo ndinasowa chomuuza, chifukwa amuna ambiri amene ndinakumana nawo ine vuto lawo linali losiyana ndi limenelo. Ine chibwenzi china chinatha chifukwa mauthenga ndinkawayankha mumtima n'kuganiza kuti ndatumiza. Pali masabata amene msomali wa makiyi umakhala wopanda kanthu, alamu ndimaizimitsa osaiwerenga, ndipo ndimadana ndi njira zonsezi ngati mmene mwana amadanirana ndi yunifolomu. Amayi nawo ali ndi funso limene safuna kulitchula mokweza, loti iwo akadzapita, mlongo wanga adzakhala ndi ndani. Amandiyang'ana ine, munthu amene ndinaiwalapo mphika pamoto mpaka kubooka.

Mwezi wa June chaka chino azakhali athu anatisiya, ndipo tinabwereranso ku Chiradzulu. Titafika, amalume anatenga mlongo wanga osamugwira n'kumulozera tebulo limene linali pansi pa mtengo wa mango, chapatali ndi nyumba ya siwa, utsi ukupita mbali ina. Panali kope latsopano ndi mbale yophimba. Iye anatulutsa rula m'thumba, poti anabwera nayo, n'kujambula mizere: dzina, mudzi, ndalama, ufa kapena nkhuni. Tinagwirizana kuti akakhala maola atatu azikapuma. Nditapita kuseri kwa khola kukamuona, ndinapeza pali mpando. Sindinafunse amene anauikapo.

Tsiku loika maliro, wolengeza chipepeso anafika pa dzina la mkulu wina wolemekezeka m'deralo n'kunena kuti apereka K10,000. Liwu linamveka kuchokera pansi pa mango, lomveka bwino, lopanda mkwiyo: "Ayi, anapereka K5,000. Anati inayo abweretsa." Anthu onse zii. Mayi wina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Amalume anatsokomola, n'kuuza wolengezayo kuti apitirize. Ndinati basi, zathera pano. Koma dzuwa lisanalowe mwana wa mkulu uja anabwera ndi K5,000 ija, ndipo madzulo ndinamva amalume akuti, "Achimwene, mawa musanapite mutithandize kuwerengera za bokosi ndi za lole." Sanati mwana uja.

Ine ulendo uno envulopu ya anzanga akuntchito ndinafika nayo, m'mawa, ndipo ndinaipereka ndi manja awiri ndikudzimva. Ndili pa moto ndi azimayi, mlongo wanga anabwera ndi kope lake n'kuima chapatali podikira kuti ndimuone.

"Achemwali, pa envulopu yanu palembedwa K40,000, koma muli K38,000."

Ndinaganiza, ndinaganiza, kenako ndinakumbukira wakabaza wa pa Njuli amene analibe chenje.

"Ndilembe ziti?" anafunsa, cholembera chili m'mwamba.